Kuthira Moto m'Batire ndi Magetsi a m'Nyumba

Yolembedwa ndi wophunzira wa Fomu 4

Aliyense amene adakulira kuno ku Lisasadzi adaonapo munthu atamangirira batire la galimoto pa kaliyala wa njinga, akupalasa pang'onopang'ono kuopa kuti asidi angatayike, ulendo wa kumsika kokatchajitsa. Atsibweni anga adayenda ulendo wotere zaka zambiri. Batire lawolo adaligula chaka china fodya atayenda bwino ku Chinkhoma, ndipo ndilo linkayatsa mababu atatu, kuliza wailesi, ndi kuunikira m'chigafa pa nyengo yosoka ndi kusankha fodya, pamene ntchito imafika mpaka pakati pa usiku. Sadali okha ayi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi muno, 11 zokha ndizo zinkaunikira ndi magetsi a mawaya, ndipo zoposa theka zinkadalira mabatire ndi matochi.

Tsono mkamwini wawo atamanga nyumba kufupi ndi msewu nakokeramo magetsi, atsibweni adaona kuti za kulipira kotchajitsa zatha. Tsiku lina ndili pa tchuthi adandiitana nati, "Mphwanga, paja iwe ukuphunzira sayansi. Magetsi ndi magetsi basi. Nanga bwanji osangotenga mawaya awiri a batireli ndi kuwalowetsa m'soketi?" Ine ndidati, "Atsibweni, chonde musayerekeze." Iwo adati, "Chifukwa ninji?" Pamenepo ndidangokanda m'mutu, pakuti kuletsa ndinkadziwa koma chifukwa chake sindinkachidziwa bwino.

Poona kuti wa sayansi wasowa chonena, adapita kwa mnyamata wina wokonza mawailesi, ndipo iye adawapangira chipangizo. Lidali thabwa laling'ono. Pa thabwapo adakhomerapo babu la ma watt 100, lija lakale lotentha, ndi kanthu kakuda konga njere ya nyemba kotchedwa diode, ndi mawaya awiri opita ku batire. Mawaya ena awiri ankawalowetsa m'soketi opanda pulagi, ndi kuwatsinira ndi timitengo ta machesi. Chodabwitsa nchakuti chinthucho chinkagwira ntchito. Babu linkayaka mofiirira, ndipo batire linkalandira moto ndithu. Atsibweni ankandiseka nati sukulu yandiphunzitsa mantha.

Mmawa wa tsiku lachitatu, pansi atangokolopa, ndidalowa m'chipindamo wopanda nsapato kuti ndisunthe batirelo. Nditangokhudza mutu wake umodzi ndidamva ngati wina wandimenya ndi mpini pa chigongono, ndipo ndidapezeka ndili khale pa khomo. Mkono udachita dzanzi mpaka madzulo. Batire la ma volt 12, limene ndidaligwirapo kambirimbiri popanda kumva kanthu, lidali litandigwetsa pansi. Sukulu itatsegulidwa ndidafunsa aphunzitsi athu a Physics ndi kuwerenga mabuku, ndipo zimene ndidapeza ndi zimene ndikulemba muno, chifukwa ndikudziwa kuti matabwa otere alipo ambiri m'midzi mwathu, ndipo ena a inu mudzapemphedwa kupanga limodzi monga anthu ophunzira.

Tiyambe ndi batire lenilenilo. Limene timalitcha la ma volt 12 lili ndi zipinda 6 m'kati mwake, ndipo m'chipinda chilichonse muli mbale za mtovu zomizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Adayamba kupanga batire la mtundu umenewu ndi Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859, ndipo ubwino wake ndi wakuti likatha moto limatheka kudzazidwanso. Chipinda chimodzi chodzaza chimapereka ma volt 2.1, chotero zipinda 6 zimapereka 12.6. Pamene batire likuyatsa babu, asidi amagwirana ndi mbale zija nasiyapo zoyera zokakamira, ndipo madzi a m'katimo amanka nasukuluka. Kutchaja ndiko kubweza zimenezi m'mbuyo: timakankha magetsi kuti alowere ku mutu wa + mokakamiza, zoyera zija zichoke pa mbale, asidi abwerere m'madzi. Zindikirani mawu akuti mokakamiza. Madzi sayenda pakati pa migolo iwiri yodzaza mofanana. Wothira ayenera kukhala pamwamba pa wolandira. Nchifukwa chake kaadaputa ka ma volt 12 ka dikoda sikangadzaze batire la ma volt 12. Pamafunika ma volt a pakati pa 13.8 ndi 14.4, okankha mbali imodzi yokha.

Mawu awiri awa, volt ndi ampere, amasokoneza ambiri, ndiye tiwamasule ndi madzi omwewo. Ma volt ali ngati kutalika kwa nsanja imene pakhala thanki: nsanja ikatalika, madzi amatuluka mwaukali. Ma ampere ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa m'paipi. Ndipo zilembo za Ah zimene mumaziona pa batire zikunena kukula kwa mgolo: batire la 70 Ah, monga la atsibweni, likhoza kupereka ma ampere 3.5 kwa maola 20.

Nanga magetsi a m'soketi ndi otani? Ambiri mwa magetsi a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula kumene makina oyamba adayamba kuzungulira mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Kumeneko madzi amazunguza maginito aakulu pakati pa mawaya okulungidwa, ndipo popeza maginito ali ndi nsonga ziwiri zosiyana zimene zimadutsa mosinthana, magetsi ake sayenda mbali imodzi. Amapita nabwerera, monga amachitira anthu awiri ocheka matabwa ndi sowo, wina pamwamba wina m'dzenje. Amatero kokwana 50 pa sekondi imodzi. Magetsi otere amatchedwa AC, pamene a batire, oyenda mbali imodzi, amatchedwa DC. Pofika m'nyumba a AC aja amakhala ma volt 230, ndipo chiwerengero chimenechi ndi chapakatikati chabe. Pa nsonga ya kukankha kulikonse amafika 325.

Apa ndiye pali yankho limene ndidalephera kuwapatsa atsibweni. Mukalumikiza batire ku soketi mwachindunji, theka la nthawi magetsi akulowa, theka linalo akutuluka, ngati munthu wotunga madzi ndi kuwakhuthulira m'chitsime momwemo. Koma zimenezo nzochepa. Choopsa nchakuti batire silikaniza magetsi mpang'ono pomwe; m'kati mwake njira ndi yotakasuka, nchifukwa chake limatha kulizitsa injini ya lole. Mukaliika pa ma volt 230 mudzadutsa ma ampere mazanamazana m'kuphethira kwa diso. Wamwayi fyuzi idzapsa. Wopanda mwayi mawaya adzasungunuka m'manja mwake ndipo batire lidzaphulika ndi kumuwaza asidi kumaso.

Mnyamata wa mawailesi uja ankazidziwa zimenezi, ndipo tisamunyoze, pakuti zinthu ziwiri adazikhoza. Diode ija ili ngati valavu ya chubu cha njinga, imene imalola mpweya kulowa koma osatuluka. Imalola magetsi kudutsa akamapita, ndi kuwatsekera akamabwerera. Potero AC amasanduka magetsi a mbali imodzi, ngakhale oyenda modukizadukiza, ndipo batire silidandaula nazo. Vuto limeneli ndi lomwe amakumana nalo aliyense wofuna kudzaza batire ndi dayinamo ya njinga, popeza nayo imatulutsa AC. Tikumbuke kuti m'boma lathu lomwe lino la Kasungu, ku Wimbe, William Kamkwamba atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ija ya 2001 ndi 2002, adamanga makina oyendera mphepo ndi dayinamo ya njinga, nasunga magetsi ake m'batire la galimoto. Choncho kupanga zinthu ndi zotolatola si chamanyazi kwa ife a ku Kasungu. Chinthu chachiwiri chimene mnyamatayo adakhoza ndi babu. Babu loikidwa pa njira imodzi ndi batire lili ngati paipi yopapatiza: limamwa ma volt ochuluka aja ndi kulola ma ampere ochepa okha kudutsa. Babu la ma watt 100 pa ma volt 230 limadutsitsa 100 kugawa ndi 230, ndiye kuti ma ampere 0.43. Motero batire silidaphulike.

Chimene chidasowa pa thabwalo ndi chachitatu, ndipo ndicho chifukwa chenicheni cholembera nkhaniyi. Padalibe chilichonse cholekanitsa batire ndi mawaya a ESCOM.

Taonani. Mwa mawaya awiri amene amabweretsa magetsi m'soketi, mmodzi ndi wamoto, wa mtundu wa bulawuni kapena wofiira m'nyumba zakale, winayo ndi wobwerera, wa buluu kapena wakuda. Waya wobwererayo adalumikizidwa ndi nthaka ku thiransifoma ija ya pa mtengo. Tanthauzo lake ndi lakuti nthaka yonse imene tikupondayi ili ngati waya wobwerera. Mbalame imatera pa waya wamoto osafa chifukwa sikhudza china chilichonse. Koma munthu woima pansi akakhudza waya wamoto, iye mwini amasanduka njira yochokera ku waya kupita m'nthaka. Pa thabwa lija magetsi ankachoka m'soketi, kudutsa babu, diode ndi batire, ndi kubwerera m'soketi, zonse pa mzere umodzi. Mawaya aja opanda pulagi akalowa mwa njira ina, batire linkakhala kumbali ya waya wobwerera ndipo munthu ankatha kuligwira osamva kanthu. Akalowa motembenuza, batire linkakhala kumbali ya waya wamoto, mitu yake yonse iwiri nkukhala pa ma volt 230 poyerekeza ndi nthaka. Babu linkayaka chimodzimodzi njira zonse ziwiri, ndipo diso silikadatha kusiyanitsa. Atsibweni adapulumuka masiku awiri chifukwa ankalowa m'chipindamo atavala majombo ochokera nawo kumunda. Ine ndidalowa ndi mapazi pa simenti yonyowa.

Mwina wina adzati, "Ndiye tingoikapo pulagi kuti mawaya asamatembenuke." Sizokwanira. Soketi zambiri m'midzi muno adazilumikiza anthu osaphunzira ntchitoyo, ndipo waya wamoto sakhala kumene ayenera kukhala. Ngakhale zonse zitakhala m'malo mwake, kachitsulo kopanira kakangosomphoka pa mutu wa batire, kamene kachokera ku babu kamakhala ndi ma volt onse a m'soketi, babu lili chizimire, ndipo munthu amakatola poganiza kuti moto palibe. Wina adzatinso, "Nanga si babu lija likuchepetsa magetsi?" Likuchepetsa mokwanira kuteteza batire, koma osati mtima wa munthu. Thupi limayamba kumva magetsi pa ma ampere 0.001. Akapitirira pang'ono 0.01 zala zimafumbata zokha ndipo munthu amalephera kutaya waya. Ma ampere 0.05 odutsa pa chifuwa akhoza kusokoneza kugunda kwa mtima mpaka munthu kufa. Babu lija limalola 0.43, kuposa pamenepo kasanu ndi katatu. Ine chidandipulumutsa nchakuti ndidakhudza ndi nsonga za zala, mkono nkudzikoka wokha. Ndikadagwira ndi chikhatho chonse, bwenzi nkhaniyi akulemba ndi wina.

Ndipotu thabwalo, ndi kuopsa kwake konseko, ndi laulesi. Popeza diode imataya theka la ulendo, zolowa m'batire zimangokhala ma ampere 0.2 kapena kuposerapo pang'ono. Batire la 70 Ah limene latsika kufika pa theka likufuna 35 Ah, ndipo 35 kugawa ndi 0.2 ndi maola 175, sabata yathunthu usana ndi usiku. Ena osapirira amachotsa babu naikapo ayironi yositira ya ma watt 1,000. Pamenepo m'batire mumalowa ma ampere 2, koma ayironi imakhala ikutentha mpweya kwa maola 17 kapena 18, ndipo mita imadya mayunitsi pafupifupi 9 pa ntchito imene tchaja yabwino ikadaigwira ndi yunitsi imodzi yosakwana. Wothawa kulipira kumsika amapezeka walipira kwambiri, nagonanso ndi ayironi yamoto m'nyumba.

Chimene chimakonza zonsezi ndi thiransifoma. Ambiri timaidziwa ngati chinthu chotsitsa ma volt, ndipo nzoona, koma ntchito yake ina ndi yaikulu kuposa imeneyi. M'chaka cha 1831 ku London, Michael Faraday adakulunga mawaya awiri osiyana pa mkombero wa chitsulo, osakhudzana, napeza kuti akatsegula kapena kutseka magetsi mu waya woyamba, mu waya wachiwiri mumabadwa magetsi. Chimene chimaoloka pakati pawo ndi mphamvu ya maginito yodzera m'chitsulo, osati magetsi enieniwo. Popeza AC amasinthasintha kosalekeza, waya wachiwiri amabala magetsi kosalekezanso. Ma volt ake amatsata kuchuluka kwa mikombero: waya woyamba akazungulira 1,600 ndipo wachiwiri 100, ma volt 230 amatsika kokwana 16 nkukhala 14.4. Koma onani kuti waya wachiwiriyo sakhudzana ndi waya wamoto wa ESCOM pena paliponse. Magetsi ake ali ndi njira yawoyawo, sakufuna kupita m'nthaka, ndipo munthu akhoza kugwira mutu wa batire ali chiimire m'madzi osamva kanthu. Thiransifoma ili ngati mpanda wa pakati pa mudzi ndi nkhalango ya Kasungu: njovu zilipo ndithu, koma zili tsidya linalo.

Tchaja ya makedzana idali thiransifoma, ma diode anayi olumikizidwa mwa njira yakuti ulendo wopita ndi wobwerera womwe ulowe m'batire, ndi fyuzi, basi. Thiransifoma yolembedwa ma volt 12 imakwanira, chifukwa pa nsonga imafika 17, ndipo ma diode akadya 1.4 pamatsala oposa 15. Komabe sindikulimbikitsa aliyense wa ife kuyamba kusula tchaja yotere payekha kunyumba, pakuti mbali imodzi ya thiransifoma imakhalabe pa ma volt 230 ndipo imafuna bokosi lotseka bwino, pulagi ya fyuzi ndi waya wa nthaka. Ndiponso si thiransifoma iliyonse imene ili mpanda. Zina, monga za m'zipangizo zina zowongolera magetsi, zili ndi waya mmodzi yekha wopatukira pakati, ndipo sizilekanitsa kanthu. Ya mu uvuni wa microwave ndiye musaiyandikire nkomwe, chifukwa imakweza magetsi kufika ma volt 2,000. Ofuna kuphunzira kumanga tchaja yotere achite zimenezi m'labotale, aphunzitsi ali pomwepo.

Njira imene tidatsata ife kwa atsibweni ndi ina, yosafuna kukhudza waya aliyense wa ma volt 230. Tchaja ya laputopu ili kale ndi thiransifoma yaing'ono m'kati, ndi ma diode omwe, zonse zotsekeredwa m'bokosi la pulasitiki. Zambiri zimalembedwa 19 V ndi 3.42 A, ndipo zimapezeka kwa okonza makompyuta laputopu yake itafa kalekale. Sankhani yeniyeni, yolemera m'manja, yopanda mng'alu, ya chingwe chosasupuka. Zopepuka zachinyengo zija mpanda wake wa m'kati ndi wosadalirika. Bokosilo musalitsegule. Ntchito yonse ili ku chingwe chopyapyala chotulukira, kumene kuli ma volt 19 a DC, amene sangapweteke munthu wowagwira.

Koma 19 ndi wochuluka kwa batire lofuna 14, choncho babu likubweranso, ulendo uno babu la galimoto la ma volt 12. Dulani kamutu kolowa m'laputopu, mupeza mawaya awiri. Yezani ndi multimeter kuti mudziwe wa + ndi wa −, ndipo musalote, chifukwa mitundu ya mawaya imanama. Waya wa + apite ku fyuzi ya galimoto ya ma ampere 5, kuchoka apo ku babu, kuchoka ku babu kupita ku mutu wa + wa batire. Waya wa − apite molunjika ku mutu wa −. Babu lidzamwa ma volt 5 kapena 6 otsalawo. La ma watt 21, lija la mabuleki, limadutsitsa ampere imodzi ndi kakusefukira. Awiri oikidwa mbali ndi mbali amadutsitsa pafupifupi 2.4, ndipo pamenepo mpabwino kwa tchaja ya 3.42 A, imene siyenera kusenzetsedwa katundu wofika m'malire. Lamulo la amisiri ndi lakuti ma ampere asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a ma Ah a batire. La 70 Ah likhoza kulandira mpaka 7, choncho 2.4 ndi wofatsa, ndipo 35 Ah ija imabwerera m'maola 15 mpaka 18. Koma kabatire ka njinga yamoto ka 7 Ah kasapatsidwe oposa 0.7, kameneko kapatseni babu limodzi la ma watt 10.

Babuli lilinso ngati mlonda. Batire likakhala lopanda moto limayaka moonekera, ndipo pamene batire likudzaza limanka lizilala. Likawala kwambiri ngati nyali ya galimoto, zimitsani msanga, mwatembenuza mawaya kapena batire lili ndi chipinda chakufa.

Chilema cha njira imeneyi ndiyenera kuchinena poyera: siidziwa kuleka. Tchaja yogula m'sitolo, kapena kabokosi kolamulira magetsi a sola, kamaona kuti batire ladzaza nkuchepetsa kokha. Yathuyi imangokankhabe, ndipo mukaiiwala idzawiritsa batire mpaka madzi kuphwa, mbale kupindika. Choncho mlonda weniweni ndinu ndi multimeter yanu. Yezani pa mitu ya batire ola lililonse kapena awiri. Likafika pa 14.4 lili pafupi kudzaza; la zotsekera zotsegula mukhoza kulisiya ola lina limodzi mukuliyang'anira, koma lomata, lija amati losathira madzi, lichotseni pomwepo. Mbali mwake mukatentha moti dzanja likumva, lekani. Likapuma usiku wonse muliyezenso: 12.6 kapena 12.7 ndiye kuti ladzaza, 12.2 lili pa theka, ndipo likatsika pansi pa 12 mwalikama mopitirira. Amene ali ndi ndalama agule tchaja yeniyeni, ndipo ine ndidzakhala woyamba kumuyamikira. Zimene ndafotokozazi nza munthu amene batire lamuthera fodya asanagulitse.

Pali choopsa china chimene thiransifoma singakutetezeni. Batire likamayandikira kudzaza, mumamva kuwira m'kati mwake. Kumeneko ndi madzi akugawanika kukhala mipweya iwiri, hydrogen ndi oxygen. Hydrogen saoneka, sanunkha, ndipo akangokwana magawo 4 mwa magawo 100 a mpweya wa pamalopo, kamoto kakang'ono kamamuyatsa. Tchajirani pa khonde kapena m'chipinda cha mazenera otsegula, osati mogona, ndipo masulani zotsekera kuti mpweya uzituluka. Musasuzumire m'zipinda za batire ndi machesi kapena koloboyi. Kuno kwathu ndiyenera kuwonjeza kuti wosuta chingambwe akhale kutali, ndi kuti m'chigafa modzaza fodya wouma si malo otchajiramo, ngakhale kuti ndi mmene batire limagwira ntchito. Polumikiza, panani mawaya ku batire poyamba, kenaka muyatse pa khoma. Pochotsa, zimitsani pa khoma poyamba, mudikire pang'ono, kenaka muchotse mawaya. Mukatero kuthetheka sikuchitika pamwamba pa batire pamene pali mpweya uja. Sipanala kapena mpeni usagone pa mitu iwiri nthawi imodzi.

Za madzi ndinene mwachidule. Mbale zikhale zomira nthawi zonse. Zikaonekera, thirani madzi a batire ogula aja, osati a pa mjigo kapena a pa chitsime, chifukwa mchere ndi chitsulo za m'madzi otere zimapha mbale. Musawonjezere asidi, chimene chimaphwa ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Asidi akakudontherani pa khungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo za m'maso muthamangire nazo kuchipatala. Batire lakufa musaliswe kuti muone za m'kati, pakuti mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana aang'ono; ligulitseni kwa ogula mabatire akale lili lotseka.

Zonsezi ndanena za mabatire a mtovu okha. Mabatire a lithium, a m'mafoni, m'malaputopu ndi m'nyali zambiri za sola, ndi mtundu wina. Ambiri a iwo chipinda chimodzi sichiyenera kupitirira ma volt 4.2, ndipo akapitirizidwa satulutsa thovu ngati anzawo a mtovu, amafufuma ndi kuyaka moto wovuta kuzima. Amenewo atchajidwe ndi tchaja yake basi.

Batire la atsibweni silidabwerere mwakale kwenikweni. Lidakhala nthawi zambiri lili lopanda moto podikira ulendo wa kumsika, ndipo zoyera zija zikakhalitsa pa mbale zimauma ngati chikhokho cha m'poto, osachokanso. Ndiponso batire la galimoto adalipangira kuliza injini kwa masekondi ochepa ndi kudzazidwanso pomwepo, osati kukamidwa usiku ndi usiku. La sola ndilo limapirira zotere. Tsopano likapuma limaima pa 12.4, ndipo limayatsa mababu atatu aja mausiku awiri m'malo mwa anayi. Amalitchaja Loweruka lililonse pa khonde la mkamwini, lisanatsike pansi pa 12.2. Magetsi akazima pakati pa ntchito amachotsa waya wa + kuti moto ungabwerere m'tchaja, nalemba ndi khala pa khoma maola amene lamwa kale. Babu lija la ma watt 100 adalipachika m'khola la nkhuku kuti lizifunditsa anapiye, ndipo diode ndidaipempha ine, ili m'kabokosi kanga ka zida za masamu.